Mileme Siivala Jombo

A Nazario atamwalira mu Febuluwale, anamusiyira mkazi wawo Amparo nyumba, galimoto yovuta kuliza, ndi mabotolo asanu ndi limodzi a madzi a shuga olendewera kuseri kwa nyumba. Mabotolowo anali a tichoso, timbalame tija timaima m'malere mapiko akunjenjemera, n'kumayamwa pa timabowo tofiira ta kunsi kwa botolo ngati tikuyamwa duwa. M'tauni ya Patagonia pafupifupi khonde lililonse lili ndi botolo lotere, koma a Nazario ankasamala awo monga ena amasamalira ziweto.

Amparo sankadziwa zambiri za mbalame. Ankangodziwa muyeso: kapu imodzi ya shuga, makapu anayi a madzi, kuwiritsa, kuziziritsa. Ankadzaza mabotolo akabwera ku Misa ya m'mawa, ndipo pothira ankanena Tikuoneni Maria mmodzi pa botolo lililonse, kupempherera mzimu wa amuna ake.

Chinthu chimodzi chokha ndicho sanapitirize. Chaka chilichonse, mvula ya mu Ogasiti ikakhazikika, a Nazario ankatsitsa mabotolo onse dzuwa likalowa, n'kuwandandalika m'sinki, kenako n'kuwapachikanso kusanache. Zaka makumi atatu Amparo anadandaula ndi sinki yomata ndi nyerere zake. Ankaona ngati ndi khalidwe chabe la munthu wosatha kukhala pansi. Choncho chaka chimenecho anawasiya panja.

Sabata yachitatu ya Ogasiti anadzuka n'kupeza mabotolo asanu atauma gwa, opanda ndi dontho lomwe, pansi pake pali pomata. Limodzi lokha, la pafupi ndi zenera la kukhitchini, linali lodzaza, tichoso tikulimbirana pamenepo. Mawa lake chimodzimodzi. Tsiku lina kunagwa mvula usiku, ndipo m'mawa m'matope munali zidindo za jombo zazikulu, zochokera pa kageti ka mumpanda, kudutsa pansi pa mabotolo, n'kubwerera komweko.

Kageti kaja kankalowera kwa a Delbert Hatch, bambo wamtali, wosalankhulalankhula, amene anayendetsa basi ya ana asukulu mpaka kupuma pa ntchito. Akazi awo anamwalira kalekale. A Nazario ndi amene anadula mpanda n'kuikapo kagetiko, kuti awiriwo azibwerekana makwerero osazungulira kumsewu. Lolemba lililonse madzulo a Delbert ankakoka bini ya zinyalala ya Amparo pamodzi ndi yawo kupita nayo kumsewu, osanena kanthu. Koma mu Meyi anaima pampanda, chipewa chili m'manja, n'kupempha kuti mabotolo awiri asunthidwe chifukwa ankaitana njuchi, ndipo iwo njuchi imodzi ikangowaluma ndiye kuti ulendo wa kuchipatala wapsa. Amparo anangogwedeza mutu, koma sanasunthe kanthu. Misomali ija anakhoma ndi a Nazario.

Tsopano ataona zidindozo anakumbukira za njuchi, ndipo mtima unamuwira.

Lachinayi lililonse Amparo ankathandiza kugawa chakudya ku holo ya tchalitchi: nyemba, mpunga, mafuta ophikira, ndi ndiwo zamasamba zotsala kwa ogulitsa a ku Nogales. Amayi ankalongedza, a Delbert ankatsitsa makatoni m'lole. Sanali Mkatolika, koma palibe anawafunsapo za zimenezo. Lachinayi limenelo iwo ali panja pa lole, Amparo akumanga matumba a nyemba, mawu anamupulumuka. Sanafune kunena zambiri. Anangoti pali munthu amene akumukhuthulira madzi a mbalame usiku.

"Ndani ameneyo?" anafunsa Socorro, amene ankasunga kiyi wa holo pamodzi ndi nkhani za tauni yonse.

"Sindinatchule dzina."

"Aa, achemwali, musatisiye pakatikati. Tili tokhatokha muno."

"Jombo zake zikuchokera pa kageti. Ndi zokhazo zomwe ndikudziwa."

Amayi anayang'anana. Pakona panali a Herminia, mayi wokalamba wowonda amene ntchito yawo inali kupinda matumba otsala. Iwo analankhula motsitsa mawu.

"Amparo mwana wanga, si mileme imeneyo? Nyengo yake ndi ino. Khonje likamatha maluwa kumapiri, imatsikira m'makonde kudzamwa madzi a shugawa."

"Mileme?" anatero Amparo. "Mayi Herminia, mileme ya kwanu imavala jombo? Ya kwathu siivala."

Holo yonse inafa nacho chiseko. Socorro anagwira m'mimba. "Saizi thwelofu! Mleme wopuma pa ntchito!" A Herminia anamwetulira pang'ono n'kupitiriza kupinda matumba. Amparo anamva kukoma. Chimwalirireni amuna ake anali asanaseketsepo anthu.

Nthawi yomweyo a Delbert analowa, katoni ya mafuta ili paphewa.

"Bisani shuga, amayi, mleme wafika!" anakuwa Socorro.

Chiseko chinaphulikanso. A Delbert anaima, kuyang'ana uku ndi uku, akumwetulira monga munthu wofuna kuseka nawo koma nkhani sakuidziwa. Atatuluka, Amparo anaona pazenera dalaivala wa lole akuwanong'oneza, ndipo anaona kumwetulira kuja kukuzimirira. Anamaliza kutsitsa makatoni onse, anasesa m'lole, anapita osatsazika. Lachinayi lotsatira sanabwere.

"Mwaona?" anatero Socorro. "Manyazi awagwira."

Lolemba bini inakokedwabe. Amparo anaiona itaima kumsewu bwinobwino pambali pa yawo, ndipo anati mumtima: akufuna kundinyengerera.

Koma kuseri kwa nyumba zinthu zinasintha. Zidindo zinasowa, ndipo tsopano mabotolo onse asanu ndi limodzi ankapezeka atauma m'mawa, ndi la pazenera lomwe. Tichoso tinkafika mbandakucha, kuzungulira botolo ili, kuyesa lija, n'kuchoka. Amparo anadziuza kuti munthuyo waphunzira kuponda pa miyala. Anadziuza zimenezi masiku khumi. Popemphera kolona mawu ankatuluka, koma maganizo ali pa botolo la pazenera. Kenako anamanga kageti ndi waya. M'mawa waya anali chimangire, mabotolo ouma.

Loweruka madzulo anazimitsa magetsi onse, n'kukhala pampando wa a Nazario pakhonde, tochi ili pamiyendo, foni m'thumba la juzi kuti ajambule wolakwayo. Mawu oti amuuze anali atawakonza kale. Sanadikire nthawi yaitali. Mdima utangokhazikika anamva kaphokoso ngati nsalu yokupizidwa ndi mphepo, ndipo botolo limodzi linagwedezeka. Anayatsa tochi.

Inali yambiri, makumi awiri, mwina kuposa. Siinkatera. Uliwonse unkafika mwaliwiro, kuima kamphindi pa kabowo, lilime lalitali n'kulowa, n'kuthawa, wina n'kufika pomwepo ngati ikudikirana pamzere. Ina inali ndi ufa wachikasu wa maluwa kumutu ndi m'mapewa. Madontho ankagwa pansi. Mabotolo ankavina pa misomali, madzi akutsika iye akuona.

Anatembenuza mutu. Kupyola mpanda, pazenera la a Delbert, wailesi yakanema inkawala, ndipo mutu wawo wa imvi unali utatsamira pampando. Anali m'tulo.

Amparo anazimitsa tochi. Choyamba anakumbukira sinki yomata ija. Mwina a Nazario ananenapo za mileme tsiku lina, iye akutsuka mbale kapena akukalipa za nyerere, ndipo sanamve. Kenako anakumbukira botolo la pazenera. Madzulo aliwonse linkakhala litafika pakati, poti tichoso tinkamwa tsiku lonse. M'mawa ankalipeza lodzaza mpaka m'khosi. Analiona ndi maso ake kangapo konse, koma sanadzifunse kuti botolo lingadzidzaze bwanji lokha.

Nkhope inamutentha mumdimamo ngati pali khamu likumuyang'ana. Anayesa kupemphera, koma sanapitirire mawu oyamba.

Lamulungu ku Misa sanapite kukalandira Ukaristia. Atabwerako anamasula waya pa kageti, koma analephera kudzera pamenepo. Anazungulira kumsewu monga mlendo. A Delbert anali pakhonde, akunola sizasi yodulira mitengo.

"Mwadzuka bwanji, a Delbert?"

"Ndadzuka, Mayi Gastelum. Kaya inu?"

Zaka zonsezi ankamuitana Amparo.

"Ndaiona mileme," anatero Amparo.

"Eya. Chaka chino yachuluka. Khonje silinachite bwino kumapiri."

"Botolo la pazenera lija. Munali inu."

A Delbert anayesa sizasi pa chala chachikulu, n'kuiika pamwendo.

"Ndimadzuka folo koloko. Chizolowezi cha basi sichinandichoke. Ndinkaona timbalame tikufika, tikupeza palibe. Timeneti kukacha timakhala tilibe mphamvu, tikufunika kumwa msanga. Ndiye ndinkabwera ndi jagi njuchi zisanadzuke. Limodzi lokha, lotsika lija. Enawo a Nazario anawakhoma pamwamba, phewa langa silifika."

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndikanayamba bwanji? Kuti amuna anu ankadziwa, inu simukudziwa? Mpando wawo mukali kuupukuta m'mawa uliwonse. Ndinati mudzaona nokha." Anayang'ana sizasi pamwendo pawo. "Komanso ndinalowa m'bwalo lanu osapempha. Pamenepo ndinalakwa."

Mawu amenewo anamupweteka Amparo kuposa akanamukalipira.

"Musatero, chonde. Wolakwa ndine. Ndabwera kudzapepesa. Mundikhululukire."

"Ndamva."

Anatolanso sizasi, koma sanainole.

"Kungoti simunanene kwa ine, Mayi Gastelum. Ine simunandiuze kanthu. Dzulo ku sitolo mtsikana wa pa kauntala, amene ndinkamunyamula pa basi ali ndi mano awiri m'kamwa, wandifunsa ngati ndagula shuga wokwanira usiku wonse. Pothira mafuta akundiitana Mleme. Anthu amene sindikuwadziwa n'komwe."

Analankhula mopanda mkwiyo, ngati akunena za mvula. Amparo anayang'ana jombo zawo, zakale, zopukutidwa bwino.

"Ndikakonza Lachinayi," anatero.

"Palibe akukukakamizani."

"Ndikudziwa."

Masiku anayi amenewo anatalika. Madzulo ankatsitsa mabotolo anayi n'kusiya awiri, poti ndi mileme yomwe inali paulendo ndipo inali ndi njala. Kawiri konse ananyamula foni kuti aimbire Socorro. Zikanakhala zophweka. Socorro akanaseka, akanasandutsa nkhaniyo nthabwala ina, ndipo pofika Lachinayi tauni yonse ikanadziwa popanda iye kuima pamaso pa munthu. Kawiri konse anaibweza foni pa tebulo.

Lachinayi anapeza amayi akutsitsa okha makatoni, awiri pa katoni imodzi, Socorro akudandaula za msana. Atamaliza, onse ali pa matebulo, Amparo anagogoda tebulo ndi chitini cha tomato.

"Amayi, ndimvereni. Ndinanama."

"Mwanama chiyani, achemwali?" anafunsa Socorro.

"Za a Hatch. Sanakhuthule kanthu. Inali mileme, ndaiona ndi maso anga. Jombo zija zinalidi zawo, koma ankabwera mbandakucha kudzathira madzi m'botolo limodzi kuti mbalame zipeze pomwa. Ndi shuga wawo. Munthu woti njuchi ikhoza kumupha."

Amayi anasiya kulongedza.

"Aa, kumeneko si kunama," anatero Socorro. "Munalakwitsa chabe. Ndani akanadziwa?"

"Ndinanama. Sindinaone kanthu, koma ndinalankhula ngati ndaona." Amparo anatembenukira kukona. "Ndipo alipo amene ankadziwa. Mayi Herminia, munandiuza, ine ndinakusekani pamaso pa anthu. Pepani."

A Herminia anakweza dzanja. "Ine ndadutsa zaka eyite, mwana wanga, kusekedwa ndinazolowera. Koma a Hatch aja alibe kwina kopita Lachinayi. Akazi awo atapita, ndi muno mokha mmene amamva anthu akulankhula."

"Ifetu tinangoseka," anatero Socorro, akuyang'ana matumba. "Anayambitsa si ife."

"Inde. Ndine ndinayambitsa."

Mayi wina anayesa nthabwala ya mileme yophunzira kumasula waya, koma palibe anaseka.

"Ndiye titani?" anatero Socorro pomaliza. "Tikawagwadire pakhonde?"

"Angachite manyazi kuposa inu," anatero a Herminia. "Dzina lija munaligawa pamodzi ndi nyemba. Lafika m'nyumba zonse. Amene analitenga ali panjapo, akudikira pamzere."

Amparo anayang'ana pakhomo. Anthu anali atayamba kale kusonkhana, ena ndi ngolo za ana, ena atatsamira ndodo, pafupifupi makumi anayi. Anavula epuloni, anaipinda, n'kukaima pafupi ndi chitseko.

Woyamba anali bambo wina woweta ng'ombe wa ku Sonoita. Atalandira katoni yake, Amparo anamugwira pamkono.

"Pepani, bambo. A Delbert Hatch sanakhuthule madzi a mbalame zanga. Inali mileme. Amene ndinawanamizira ndine."

Bamboyo anamuyang'ana, anayang'ana katoni, n'kunena kuti, "Chabwino, mayi," ngati munthu amene wapatsidwa chinthu choti sakudziwa pochiika.

Wachiwiri anaseka. "Ndiye mwati a Mleme alibe mlandu?"

"Dzina lawo ndi a Hatch."

Wachitatu sankaidziwa n'komwe nkhaniyo, ndipo Amparo anakakamizika kuifotokoza kuyambira pachiyambi, jombo ndi chiseko chomwe, pamzere ponse akumva. Mayi wina anamuuza kuti ngakhale mwana wa mkalasi yoyamba amadziwa za mileme ya nyengo ino. Wina anamufinya dzanja osanena kanthu, ndipo zimenezo ndi zomwe zinatsala pang'ono kumuliza. Pofika wa makumi awiri mawu anali atasasa. Socorro anamubweretsera madzi m'kapu ya pepala, anamupatsa osamuyang'ana kumaso, n'kubwerera ku tebulo. Amparo anamwa, n'kupitiriza mpaka womaliza.

Madzulo sanapite kukawauza a Delbert. Anaona kuti kutero kukanakhala ngati kupempha kuti amuyamikire. M'tauni yaing'ono ngati imeneyi ankadziwa kuti amva.

Lachinayi lotsatira sanabwere. Linalo, amayi atayamba kale kugawana makatoni, galimoto yawo inaima kuseri kwa lole. Anatsika, anavala magolovesi, n'kuyamba kunyamula ngati sanajombepo. Anapereka moni kwa a Herminia, kwa Socorro, kwa Amparo, onse mofanana. Socorro anayankha mokweza kwambiri, kenako n'kutanganidwa ndi mpunga.

Amparo anaweramira matumba ake n'kuthokoza Mulungu chamumtima. Anali asanamalize pempherolo pamene mawu anamveka kuchokera kumapeto kwa mzere. Anali bambo wina amene anali ku Tucson kwa mwana wake masabata awiri apitawo.

"Ee, a Mleme! Mwatulukira masana lero?"

Anthu awiri atatu anaseka pang'ono, n'kuleka. A Delbert anaima kamphindi, katoni ili paphewa, sanatembenuke, kenako anapitiriza kuyenda.

Amparo anasiya thumba losamanga. Nkhope ikumutenthanso ngati tsiku loyamba, anadutsa holo yonse, kutuluka pakhomo, kutsata mzere mpaka kumapeto, n'kuima patsogolo pa bamboyo.

"Pepani, bambo," anatero. "Ndili ndi mawu oti ndikuuzeni."